Mafoni a VoIP akudukaduka backup ikamayenda: QoS ndiyambire pati pa ma switch?

Kachingwe:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo pa nkhani ya QoS, njira imene zida za netiweki zimasankhira mapaketi oti atsogole chingwe chikathinana. Netiweki yake ili motere. Pakati pali Catalyst 9300 imodzi, ndipo ma seva alumikizidwa pamenepo pa 10 Gbps. M'zipinda muli ma Catalyst 2960-X okwana 6, iliyonse ya ma port 48, ndipo iliyonse imafika pakatipo kudzera pa chingwe chimodzi cha fiber cha 1 Gbps. Mafoni a patebulo a VoIP, oyendetsa mawu pa netiweki, alipo 180, amalankhula SIP (mauthenga oyambitsa ndi kutseka kuimba) ndi PBX (seva yolumikiza mafoni) ya Asterisk, codec yake (njira yosandutsira mawu kukhala data) ndi G.711. Mafoniwa si a Cisco, VLAN ya mawu, gawo la netiweki lopatulidwira mafoni, amaipeza kudzera pa LLDP-MED, njira imene foni ndi switch zimauzirana za config. Makompyuta ambiri amalumikizidwa kuseri kwa foni, port imodzi zida ziwiri. Anthu amagwiritsanso ntchito Teams, ena pa chingwe, ena pa Wi-Fi. Intaneti ndi ya 100 Mbps, koma router imalumikizana ndi chida cha kampani ya intaneti pa port ya 1 Gbps.

Backup ya makompyuta ikayamba, kapena seva ikamatumiza ma update ku makompyuta ambiri nthawi imodzi, mawu pafoni amadukaduka, ngakhale anthu akuimbirana mkati momwemo osatuluka kunja. Chodabwitsa n'chakuti ma graph akuonetsa kuti ma uplink, zingwe zija zopita pakati, sakupitirira 35%. Ngati chingwe sichinadzaze, QoS ingathandize chiyani? Ndipo ngati ingathandize, ndingolemba `mls qos`, lamulo loyatsa QoS, pa ma 2960-X basi, kapena pali zina zoyenera kuchita kaye? Sindinakhudze chilichonse, zonse zili mmene zinabwerera.

Mlonda_wa_Netiweki:

Achimwene, mwachita bwino kusalemba kaye `mls qos`. Chifukwa chake ndikuuzani, koma tiyambe ndi graph yanuyo, poti ndi imene ikukusokonezani.

Graph imatenga ma byte onse amene adutsa kwa mphindi 5, n'kugawa ndi nthawiyo. Nayonso `show interfaces` imawerengera pa masekondi 300 ngati simunasinthe `load-interval`. Port siigwira ntchito motero. Pa kamphindi kalikonse, port imakhala ikutumiza pa liwiro lake lonse kapena ili chete, palibe za pakatikati. Mukaona 35%, tanthauzo lake n'lakuti pa nthawi yonse imene yayezedwa, port inali yotanganidwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mkati mwa gawo limenelo mukhoza kukhala ma millisecond ambirimbiri amene mapaketi anafika ochuluka kuposa amene akanatha kutuluka.

Tiwerengetse. Seva ya pa 10 Gbps ikatumiza 2 MB ulendo umodzi, zimaitengera 1.6 ms. Pa nthawi yomweyo, port ya 1 Gbps yopita ku 2960-X imatulutsa 0.2 MB yokha. Yotsala 1.8 MB iyenera kudikira mu buffer, malo osungira mapaketi odikira kutuluka, ndipo buffer ikadzaza, paketi iliyonse yofika pambuyo pake imatayidwa, ya backup kaya ya foni, switch siisankha. Zili ngati kukhuthulira ndowa ya madzi m'botolo: kaya botololo likhale lopanda kanthu tsiku lonse, pa nthawi yokhuthulayo madzi atayika ndithu. Mbali inayo nayo ili ndi vuto lomwelo: makompyuta 20 a 1 Gbps akayamba backup pamodzi, onse akulimbirana uplink imodzi ya 1 Gbps, ndipo ma switch a m'zipinda amakhala ndi ma megabyte ochepa chabe a buffer amene ma port onse amagawana.

Choncho malo othinana ndi awiri, ndipo onse ndi potulukira: port ya 9300 yopita ku switch iliyonse ya m'chipinda, komanso uplink ya 2960-X yopita pakati. QoS siiwonjezera liwiro la chingwe. Ntchito yake ndi kusankha kuti pamene mapaketi aunjikana potulukira, uti atsogole, uti adikire, uti atayidwe.

Mkati mwa LAN, chimene chikuononga mawu kawirikawiri ndi kutayika kwa mapaketi, osati kuchedwa. Mzere wa mapaketi odikira wa 500 KB pa 1 Gbps umatha pa 4 ms, ndipo foni siimva n'komwe zimenezo. ITU-T G.114 imalola mpaka 150 ms mbali imodzi, jitter, kusinthasintha kwa nthawi imene mapaketi amatenga kuti afike, imafunika kukhala pansi pa 30 ms, kutayika pansi pa 1%. Koma G.711 imatumiza paketi imodzi pa 20 ms iliyonse, mapaketi 50 pa sekondi, ndipo RTP, imene imanyamula mawuwo, siitumizanso paketi yotayika mmene imachitira TCP. Paketi imodzi ikasowa foni imayesa kubisa mpatawo, koma atasowa atatu kapena anayi motsatizana, khutu limamva. Mzere womwewo wa 500 KB ukakhala pa chingwe cha 100 Mbps ndi 40 ms, pa 20 Mbps ndi 200 ms, ndiye ku WAN, chingwe chotulukira kunja, nkhani imatembenuka, kuchedwa ndiko kumapweteka.

Musanasinthe config iliyonse, chitani izi. Ikani `load-interval 30` pa ma uplink onse, mbali zonse ziwiri. Lembani `clear counters`, dikirani backup iyambe, kenaka onani `Total output drops` mu `show interfaces`. Onaninso `input errors` ndi `CRC`. Ngati CRC, chiwerengero cha mapaketi ofika ataonongeka, ikukwera, vuto ndi chingwe, SFP (kachida kolumikizira fiber ku port) kapena dothi pa mutu wa fiber, ndipo QoS siingachize zimenezo. Onetsetsaninso kuti palibe foni imene yagwira pa half duplex. Mutiuze manambala amene mwapeza.

Tsopano za `mls qos`. Pa 2960-X, lamulo limeneli likakhala lozimitsidwa, switch siikhudza chizindikiro chilichonse cha pa paketi, chimangodutsa mmene chabwerera. Mukangoliyatsa, port iliyonse imasanduka yosakhulupirira, ndipo chizindikiro cha DSCP, chosonyeza gulu la paketi iliyonse yolowa, chimafufutidwa kukhala 0, cha mafoni chomwe. Nthawi yomweyo buffer imagawidwa m'mizere 4, uliwonse 25%, pomwe mapaketi onse a DSCP 0 amalowa mumzere umodzi wokha, wachiwiri. Zotsatira zake, mumataya mapaketi ambiri kuposa kale, mawu asanapatsidwe mwayi uliwonse. Lamulo limeneli limayenera kulowa limodzi ndi config yake yonse, usiku kapena nthawi imene anthu sakuimba.

MayiFiber:

Ndikugwirizana ndi a Mlonda. Ine ndinene za zizindikiro ndi malire a chikhulupiriro, chifukwa mizere yabwino bwanji siingathandize ngati mapaketi akufika ndi chizindikiro cholakwika.

Zizindikiro zilipo za mitundu iwiri. CoS ndi ma bit 3 amene ali mkati mwa tag ya 802.1Q, manambala 0 mpaka 7. Popeza imakhala mu tag, imafera pomwe tag yathera: pa native VLAN mulibe, pa port ya access mulibe, ndipo paketi ikadutsa pa router imayamba ya tsopano. DSCP ndi ma bit 6 a mu mutu wa IP, manambala 0 mpaka 63, ndipo imayenda ndi paketi kuchokera kumene yachokera mpaka kumene ikupita, pokhapokha wina ataifufuta panjira. Mangani zonse pa DSCP. CoS muziiona ngati chothandizira chabe pakati pa foni ndi switch.

RFC 4594 ya mu 2006 inatchula magulu 12, koma inu simukufunika onsewo. Magulu 5 akukwanira: mawu pa EF, imene ndi 46, kanema wa misonkhano pa AF41, imene ndi 34, SIP pa CS3, imene ndi 24, pamodzi ndi mapaketi a routing amene amabwera kale ndi CS6, imene ndi 48, backup ndi ma update pa CS1, imene ndi 8, zina zonse pa 0. Gulu lililonse lowonjezera limadya buffer yake ndipo limafuna munthu wolikumbukira. Chenjerani pang'ono ndi SIP: RFC 4594 imati signalling ikhale CS5, koma Cisco ndi zida zambiri zimagwiritsa CS3, ndiye yang'anani chimene mafoni anu akulemba, musangoganizira.

Anthu ambiri amaiwala gulu la CS1, koma pa vuto lanu ndi limene lili ndi phindu lalikulu. Kukweza mawu kumateteza mafoni okha. Kutsitsa backup kumateteza china chilichonse: ma database, email, ma fayilo, zonse zimene simunazipatse chizindikiro. Backup ndi yosavutanso kuizindikira, mukudziwa IP ya seva yake.

Malire a chikhulupiriro akhale pa port ya 2960-X pomwe foni yalumikizidwa. Kompyuta iliyonse imatha kulemba 46 pa mapaketi ake, pulogalamu yotsitsa mafayilo ngakhale virus. Mukalemba `mls qos trust dscp` pa port ya munthu popanda malire, mwapereka mzere wa mawu kwa aliyense woufuna. Lamulo la `mls qos trust device cisco-phone` limadalira CDP, njira imene zida za Cisco zimazindikirana, kuti lizindikire foni ya Cisco, ndiye kwa inu silithandiza. Lembani nokha chizindikiro polowera:

```
ip access-list extended MAWU-FONI
 permit udp 10.20.0.0 0.0.255.255 any range 10000 20000
ip access-list extended SIP
 permit udp 10.20.0.0 0.0.255.255 any eq 5060
 permit tcp 10.20.0.0 0.0.255.255 any range 5060 5061
ip access-list extended BACKUP
 permit ip any host 10.1.1.50
class-map match-all MAWU-FONI
 match access-group name MAWU-FONI
class-map match-all SIP
 match access-group name SIP
class-map match-all BACKUP
 match access-group name BACKUP
policy-map POLOWERA
 class MAWU-FONI
  set dscp ef
  police 128000 8000 exceed-action drop
 class SIP
  set dscp cs3
 class BACKUP
  set dscp cs1
 class class-default
  set dscp default
```

Ma IP ndangoikapo a chitsanzo, muike anu. Ma port 10000 mpaka 20000 ndi amene Asterisk imagwiritsa pa RTP ngati simunasinthe mu `rtp.conf`. Ngati mafoni anu amatumizirana mawu mwachindunji osadzera pa PBX, ma port ake adzakhala amene foniyo yasankha, ndiye ACL, access-list ija, iyenera kukula kuti iwakwanire, kapena muilembe kuti igwire UDP yonse yochokera mu VLAN ya mawu, class ya SIP mutaiika pamwamba pake mu policy-map kuti SIP izigwidwa kaye.

Nambala ya 128 kbps yachokera apa: G.711 imanyamula ma byte 160 a mawu, kuonjezapo 40 a IP, UDP ndi RTP, 18 a Ethernet ndi 4 a tag, zonse 222. Kuchulukitsa ndi 50 pa sekondi ndi ma bit 8, zikukwana 88.8 kbps. Ndiye 128 kbps ikukwanira kuimba kumodzi ndi mpata pang'ono. Koma ngati mafoni amalumikiza okha anthu atatu pa conference, foni imodzi imatumiza mawu kawiri, choncho kwezani kufika 256 kbps, kupanda kutero policer yanu yomwe, lamulo la `police` lija lotaya mapaketi opitirira liwiro, idzakhala ikudula mawu inu n'kumaimba mlandu backup.

Mbali ya ma seva isaiwalike. Mawu ochokera ku PBX kupita ku foni amafunika chizindikiro chawo: mu Asterisk ikani `tos_audio=ef`. Mapaketi ochokera ku seva ya ma update muwalembe CS1 polowera pa port yake ya pa 9300.

Kachingwe:

Zikomo a Mlonda ndi amayi. Manambala ndi awa. CRC ili pa 0 paliponse, duplex ili bwino. Pa nthawi ya backup, output drops pa ma uplink a 2960-X akukwera masauzande angapo pa mphindi, ndipo pa nthawi ya ma update akukwera ku 9300, pa ma port opita m'zipinda. Pa Wireshark, mafoni akulemba 46 pa RTP ndi 26 pa SIP. Teams pa makompyuta ikutuluka ndi 0. Tsopano mizere ndiikonze bwanji pa ma switch awiriwa, poti malamulo ake ndi osiyana? Komanso mzere wa mawu ndiupatse gawo lalikulu bwanji?

Gogo_VLAN:

A Kachingwe, 26 imeneyo ndi AF31, chizindikiro chakale cha signalling. Policy ya amayi ija iisintha kukhala 24 polowera, palibe chodetsa nkhawa.

Za kukula kwa mzere wa mawu, werengetsani. Mafoni 48 onse ataimba nthawi imodzi pa switch imodzi ndi 48 kuchulukitsa 88.8 kbps, pafupifupi 4.3 Mbps, osafika ndi theka la 1% ya uplink. Mukaupatsa 10% mwaupatsa zochuluka kale. Malangizo odziwika amati mizere yonse ya priority isapitirire 33% ya chingwe, koma amenewo ndi malire a pamwamba, si nambala yoti muziifunafuna. Mzere wa priority umatumikiridwa mpaka utatha mizere ina isanapatsidwe mpata, ndiye mukaulowetsa zinthu zambiri, ina yonse imafa ndi njala, ndipo mkati mwake momwemo mawu amayamba kudikira kumbuyo kwa anzawo.

9300 ndi yosiyana ndi 2960-X pa zinthu ziwiri: QoS imakhala yoyaka kale, ndipo port iliyonse imakhulupirira DSCP kuyambira pachiyambi. Ili ndi mizere 8 potulukira, koma popanda policy imagwiritsa 2 yokha. Pa port iliyonse yopita m'chipinda:

```
class-map match-any MAWU
 match dscp ef
class-map match-any KANEMA
 match dscp cs4 af41 af42 af43
class-map match-any ULAMULIRO
 match dscp cs3 cs6 cs7
class-map match-any ZOTSALIRA
 match dscp cs1
policy-map POTULUKIRA
 class MAWU
  priority level 1 percent 10
  queue-buffers ratio 5
 class KANEMA
  bandwidth remaining percent 30
  queue-buffers ratio 20
 class ULAMULIRO
  bandwidth remaining percent 10
  queue-buffers ratio 10
 class ZOTSALIRA
  bandwidth remaining percent 5
  queue-buffers ratio 15
 class class-default
  bandwidth remaining percent 55
  queue-buffers ratio 50
```

Kenaka `service-policy output POTULUKIRA` pa interface. Mzere wa mawu sufuna buffer yambiri chifukwa sukhalitsa ndi paketi. Amene amafuna buffer ndi TCP ndi kanema, poti amabwera mwa magulumagulu. Musachite mantha ndi 5% ya ZOTSALIRA: nambalayo ndi gawo lotsimikizika pa nthawi yothinana yokha. Chingwe chikakhala chopanda anthu, backup imatenga liwiro lonse. Onjezaninso `qos queue-softmax-multiplier 1200` pa global, imalola mzere kubwereka zambiri kuchokera mu buffer yogawana, ndipo payokha imachepetsa ma drop a 10 Gbps kulowa mu 1 Gbps.

Pa 2960-X pali msampha. Mizere ndi 4, ndipo mapu ake oyambirira ali motere: DSCP 0 mpaka 15 mumzere 2, 16 mpaka 31 mumzere 3, 40 mpaka 47 mumzere 1, pomwe 32 mpaka 39 ndi 48 mpaka 63 ali mumzere 4. Onani bwino: CS1 ikukhala limodzi ndi 0 mumzere 2, ndiye chizindikiro cha backup chija sichikuchita kanthu. Mukaisamutsira ku mzere 4 n'kuchepetsa gawo la mzerewo, mwalanga kanema wa AF41 ndi CS6 amene amakhala kale komweko. Asamutseni kaye amenewo:

```
mls qos
mls qos map cos-dscp 0 8 16 24 32 46 48 56
mls qos srr-queue output dscp-map queue 3 threshold 1 32 34 36 38
mls qos srr-queue output dscp-map queue 3 threshold 3 24 48 56
mls qos srr-queue output dscp-map queue 4 threshold 1 8
mls qos queue-set output 1 buffers 10 50 25 15
mls qos queue-set output 1 threshold 2 3100 3100 100 3200
```

Lamulo lachiwirilo, la `cos-dscp`, likukonza chinthu china chobisika: mapu oyambirira amasandutsa CoS 5 kukhala DSCP 40, osati 46, ndiye port ina ikakhala pa `trust cos`, mawu ake amafika ku 9300 ndi 40 n'kugwera mu class-default.

Pa uplink lembani `mls qos trust dscp`, `priority-queue out` ndi `srr-queue bandwidth share 1 50 40 10`. Pa ma port a anthu ikani `service-policy input POLOWERA`, `priority-queue out` ndi share yomweyo. Musaiwale `priority-queue out`. Popanda iyo mzere 1 si wa priority, umangokhala womangidwa pa gawo limodzi mwa magawo 25 a liwiro la port, ndiye kuti 4%. Dziwaninso kuti pa 2960-X mzere wa priority ulibe malire akeake, chitetezo chanu ndi policer ya polowera ija basi.

Ma port a mafoni nawonso ndi potulukira. Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi port ya 100 Mbps, ndipo kompyuta ya kuseri kwake ikamatsitsa fayilo kuchokera pa uplink ya 1 Gbps, kuthinana kuja kumachitikanso pomwepo, pa port ya munthu mmodzi.

Za `auto qos`: imagwira ntchito, ndipo kwa munthu wofulumira ndi yabwino kuposa kusachita kanthu. Koma imasintha mapu onse m'njira yake, DSCP 0 imaisamutsira ku mzere 3, ndiye musaphatikize malamulo ake ndi amene ndalemba pamwambapa.

Wa_ku_WAN:

Agogo afotokoza bwino za ma switch, koma ine ndikutsutsako pang'ono maganizo akuti nkhani yathera pamenepo. Mafoni a mkati achira, Teams ayi.

Choyamba, chizindikiro. Microsoft imalangiza ma source port a UDP motere: mawu 50000 mpaka 50019 pa DSCP 46, kanema 50020 mpaka 50039 pa 34, kuonetsa skirini 50040 mpaka 50059 pa 18. Onetsetsani kuti ma port amenewa akhazikitsidwa mu Teams admin center. Pa Windows chizindikiro chimalembedwa kudzera mu Group Policy, pa Policy-based QoS. Koma poti policy ya amayi imafufuta chilichonse chochokera ku kompyuta, onjezani ma class a ma port amenewa mu POLOWERA, la mawu likhale ndi policer yake. Ndipo 18 ija, imene ndi AF21, pa 9300 idzagwera mu class-default ngati simuiika mu KANEMA. Kwa ine ikhale komweko, skirini imapirira kuchedwa pang'ono.

Mapaketi obwerera kuchokera ku intaneti musayembekeze kuti afika ndi chizindikiro. Makampani a intaneti nthawi zambiri amafufuta DSCP kapena sailabadira. Alembeni nokha polowera pa router kapena pa port ya 9300 yoyang'ana ku router, pogwiritsa ma port omwewo koma ngati destination.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chachikulu: port yanu ndi ya 1 Gbps pomwe mwagula 100 Mbps. Router ikuona chingwe chotakasuka, ndiye siipanga mzere, ndipo policy ya mizere siidzayamba n'komwe kugwira ntchito. Amene akutaya mapaketi ndi policer ya kampani ya intaneti, imene siidziwa za mawu anu. Mankhwala ake ndi shaper pa router, imene imachedwetsa mapaketi kuti asapitirire liwiro limene mwaika: policy ya pamwamba yokhala ndi `shape average` pa 90 kapena 95 Mbps, ndipo mkati mwake policy ya mizere yokhala ndi priority ya EF. Mukatero mzere umapangika kwa inu, kumene muli ndi mphamvu yosankha. Ntchito imeneyi ichitike pa router kapena firewall, osati pa switch, chifukwa buffer ya switch ndi yochepa pa ntchito yotere. Mbali yotsika kuchokera ku intaneti simungailamulire kwenikweni, paketi imafika kwa inu itadutsa kale pothinana. Chimene mungachite ndi kumanga zotsitsa zikuluzikulu pansi pa liwiro limene mwagula kuti TCP izibwerera m'mbuyo yokha.

Ngati muli ndi IPsec yopita ku ofesi ina, DSCP imakoperedwa ku mutu wakunja, choncho `match dscp` imagwirabe. ACL ya ma port ndiyo siiona kanthu mkati mwa tunnel popanda `qos pre-classify`. Komanso mawu akamadumpha mzere, mapaketi amafika mosatsata manambala awo, ndipo window ya anti-replay, imene poyamba imakhala ya mapaketi 64, imatha kutaya ochedwawo ngati obwereza. Mukaona ma replay error akukwera mutayatsa QoS, kulitsani window imeneyo.

Chachitatu, Wi-Fi. WMM, imene ndi QoS ya pa Wi-Fi, ili ndi magulu 4: mawu, kanema, wamba ndi zakumbuyo. Zida zambiri zimatenga ma bit 3 oyamba a DSCP kuti zipeze gulu. 46 imayamba ndi 101, ndiye 5, ndipo 5 imagwera m'gulu la kanema, osati la mawu, limene ndi la 6 ndi 7. RFC 8325 ya mu 2018 inalangiza kuti EF izipita ku 6. Yang'anani mapu a pa controller yanu. Ma port a ma access point pa switch akhale pa `trust dscp`, osati policy ya anthu ija, chifukwa ngati mapaketi akuyenda mu tunnel kupita ku controller, ACL zanu sizidzagwira kanthu ndipo class-default idzafufuta zonse.

Mlonda_wa_Netiweki:

Achimwene a ku WAN anena zoona pa za shaper. Ndionjezeko mmene mungayesere, a Kachingwe, poti config kulowa popanda error sikutanthauza kuti ikugwira ntchito.

Yambani ndi switch imodzi ya m'chipinda ndi port yake ya pa 9300. Dzazani uplink dala ndi `iperf3` kuchokera pa makompyuta awiri kapena atatu kupita ku seva, kenaka mbali inayo ndi `-R`. Kompyuta imodzi ya 1 Gbps payokha siithinitsa uplink ya 1 Gbps pokwera. Chingwe chili chodzaza choncho, imbani foni. Pa 2960-X onani `show mls qos interface gi1/0/49 statistics`: mupeza ma DSCP olowa ndi otuluka, ndi ma drop a mzere uliwonse. Kumeneko mizere imawerengedwa kuyambira pa 0, ndiye queue 0 ndi mzere 1 uja wa mawu, ndipo ma drop ake ayenera kukhala 0. Pa 9300 lamulo lake ndi `show platform hardware fed switch active qos queue stats interface`, kutsatira dzina la port. Ma drop mumzere wa backup ndi oyembekezeka, ndiyo ntchito imene mwaupatsa, TCP idzatumizanso.

Jambulani ndi Wireshark kumbali yolandira, osati pafupi ndi wotumiza, kuti muone chizindikiro chimene chapulumuka ulendo wonse. Filter yake ndi `ip.dsfield.dscp == 46`, ndipo pa Telephony, RTP, RTP Streams muona jitter ndi mapaketi otayika a kuimba kulikonse. Mukafuna kutumiza mapaketi a EF oyesera, kumbukirani kuti zida zina zimafuna byte yonse ya ToS: 46 kuchulukitsa 4 ndi 184, ndiye pa Linux ndi `ping -Q 184`, pa `iperf3` ndi `-S 184`. Muyesere pa port imene ili pa trust, chifukwa pa port ya munthu policy ija idzawafufuta.

Onaninso flow control ya 802.3x pa ma uplink ndi pa ma port a seva. Pause frame imaimitsa port yonse, mizere yonse pamodzi ndi wa mawu, choncho pa netiweki ya mtundu wanu ikhale yozimitsa.

Ngati pambuyo pa zonsezi class-default ikutayabe mapaketi ambiri masana, uplink yachepa. 2960-X za mtundu wokhala ndi SFP+ zimalandira 10 Gbps, zinazo mungaziphatikizire zingwe ziwiri mu port-channel. Pa port-channel, flow imodzi imayenda pa chingwe chimodzi basi malinga ndi hash, ndiye backup imodzi yaikulu ikhoza kudzaza chingwe chimodzi chinacho chili chopanda kanthu, ndipo malamulo a mizere muwalembe pa ma interface enieniwo, lililonse palokha.